KUSANKHA CITSEKO COYENERA DZIKO LA MVULA YAMBIRI

Alimi anzanga, nchito ya kukolola ikatha, ndalama za mbeu zikalowa m'thumba, ambiri a ife timayamba kuganiza za nyumba. Wina aumba njerwa, wina agula malata, winanso afuna simenti yozira pansi. Zonsezi nzabwino. Koma poyenda m'midzi ndaona kuti citseko cimakumbukika potsiriza, ndalama zitatsala pang'ono, ndipo munthu amangotola ciri conse cimene wacipeza pamsika. Cifukwa ca ici ndafuna kuti tikambirane za citseko ca pakhomo lalikulu, makamaka ife okhala kumene mvula icuruka ndipo mpweya uli wa cinyezi, monga ku Mulanje, ku Thyolo, ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota.

Nkhani iyi siiri ya kukongola kwa nyumba kokha ai. Alimi ambiri asiya kusunga cimanga m'nkhokwe za pabwalo, ndipo amaciika m'matumba m'nyumba momwe agona. Tsono citseko ndico cisunga cakudya ca banja ca caka conse, pamodzi ndi mbeu yodzabzala ndi feteleza. Khoswe wamng'ono amalowa pa mpata wa theka la inchi. Udzudzu wopatsa malungo umafuna kampata kocepa koposa apo. Ndipo mbala imayamba yayesa citseko isanaganize zoboola khoma.

Caka cina ndinaceza kwa mlimi wina wakhama ku dera la kunyanja. Anagula citseko ca matabwa a bulugamu, osauma bwino, ndi ndalama za mpunga wace. M'mwezi wa January citseko cija cinatupa, cinakana kutsekeka, ndipo iye anatenga kasemasema nacisema m'mbali ndi pansi kufikira cinalowa. Pofika October cinali citanyala ndi kupotoka, ndipo mpata wa pansi unali wolowa zala zitatu. Makoswe anaboola matumba anai. Mlimiyo anada mmisiri, mmisiri anada woceka matabwa, koma cimanga sicinabwerere m'thumba.

Cifukwa Cace Thabwa Limatupa

Mtengo wauwisi uli ndi madzi ambiri. Mwa mitengo ina theka la kulemera kwace ndi madzi okha okha. Ukacekedwa madziwo amayamba kutuluka. Poyamba thabwa limangopepuka, koma madzi akatsika kufika pa magawo 30 pa 100, pamenepo liyamba kunyala. Ngakhale litauma, thabwa silisiya kumwa ndi kutaya cinyezi ca mumpweya, monga umacitira mcere wosiyidwa m'mbale. M'dzinja, ku madera a cinyezi, thabwa louma likhoza kukhala ndi madzi magawo 16 kapena 18 pa 100. M'cirimwe ca October amatsika kufika 8 kapena 10.

Cofunika kudziwa ndi ici: thabwa silitalika kapena kufupika kweni kweni m'litali mwace, koma m'lifupi ndimo liyenda. Citseko ca masiku onse ciri ndi mapazi 6 ndi mainchesi 8 m'litali, ndi mainchesi 32 m'lifupi. Cikapangidwa ndi mtengo woyenda kwambiri, cikhoza kukula ndi theka la inchi pakati pa October ndi February. Ndiye cifukwa cace citseko cimene cinali kutsekeka bwino pokolola cimafuna phewa la mwamuna m'dzinja. Ku Mulanje ndi ku Thyolo bvuto limatalika, pakuti ciperoni, mvula yowaza ija yochedwa ndi dzina la phiri la Chiperone la ku Mozambique, imanyowetsanso mpweya m'miyezi yozizira pamene madera ena auma.

Adani Atatu a Thabwa

Woyamba ndi kuola. Kumadza ndi tizomera tating'ono ta mtundu wa bowa timene timadya thabwa. Sitingathe kukula ngati madzi a m'thabwa ali ocepera magawo 20 pa 100. Cotero thabwa losungidwa louma silibvunda, lingakhale la mtengo wofewa. Koma tsinde la citseko limene limathirikidwa ndi madzi ogwa kudenga tsiku ndi tsiku limaola msanga.

Waciwiri ndi ciswe. Cimacokera m'nthaka, cimakwera m'ming'alu ya khoma kapena m'timisewu ta dothi timene cimadzimangira, ndipo cimadya m'kati ndi kusiya khungu lokha. Kawiri kawiri cimayambira pa mphuthu, ndiyo felemu, cifukwa ndiyo ikhudza pansi.

Wacitatu ndi tizirombo tofumbula, timene timasiya timabowo ndi ufa wosalala pansi pa citseko. Timakonda mnofu woyera wa kunja kwa mtengo, umene uli ndi cakudya cao. Mtima wa mtengo, mbali yofiira kapena yoderapo ya m'kati, ndiwo wolimba pa adani onse atatuwa. Kumbukirani ici pogula: ngakhale mlombwa weni weni, mbali yace yoyera imafumbwa monga mtengo wina uli wonse. Amisiri ena amabisa mbali yoyerayo ndi utoto wofiirira. Cotero nkwabwino kuona matabwa asanapakidwe kanthu.

Mitengo ya Kwathu

Mlombwa, mtengo uja wotuluka madzi ofiira ngati mwazi ukatemedwa, ndiwo mfumu ya zitseko. Ubwino wace waukulu ndi wakuti umayenda pang'ono cabe nyengo ikasintha, supotoka, ndipo ciswe sicikonda mtima wace. Sulemeranso kopitirira, cotero mahinjesi satopa nao. Msambamfumu, umene ena ati mngongomwa, ulinso wokhazikika ndi wokhalitsa, koma ndi wolemera ndi wouma pouceka. Mbawa, mtengo waukulu wa m'mbali mwa mitsinje, ipatsa matabwa otambalala ofiira bwino. Ikhalitsa pansi pa khonde, koma pa ciswe siifika pa mlombwa. Muwanga ndi wouma kwambiri, woyenera mphuthu ndi ciundo koposa citseko ceni ceni.

Koma tisanamizane: mitengo iyi yacepa, ndipo imakula mwa pang'ono pang'ono. Mlombwa wopatsa thabwa lotambalala watha zaka makumi ambiri m'chire. Onani zimene zinagwera mkungudza wa pa phiri la Mulanje, umene matabwa ace onunkhira sanali kudyedwa ndi ciswe. Unasankhidwa kukhala mtengo wa dziko la Malawi m'caka ca 1984, koma unadulidwa kotero kuti powerenga m'caka ca 2017 inapezeka mitengo yaikulu 7 yokha pa phiri lonse. M'caka ca 2019 unalembedwa m'pangano la maiko lochedwa CITES, loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zimene zirinkutha; ndipo m'caka ca 2022, pa msonkhano wa ku Panama, mitundu ya mlombwa, mbawa ndi msambamfumu ya mu Afrika inalembedwanso momwemo. Kuno kwathu Lamulo la Nkhalango la 1997 lifuna cilolezo pa kudula ndi kugulitsa mitengo yotere. Cotero gulani kwa munthu wa cilolezo, ndipo wina akakuonetsani thabwa nati ndi mkungudza wa ku Mulanje, mulekeni apite nalo. Citseko cakale ca mlombwa cocokera m'nyumba yogumuka ciri cuma. Cipaleni, cidzatumikiranso ana anu.

Mitengo Yobzala

Ambiri a ife tidzagula matabwa a mitengo yobzala, ndipo palibe colakwa ngati tidziwa makhalidwe ace.

Malaina, mtengo wocokera ku India ndi maiko oyandikana nao, ndiwo ndiuyamikira mlimi wa ndalama zocepa. Ndi wopepuka, wosabvuta kupala, ndipo ukauma supotoka kapena kutupa kwambiri. Zilema zace nziwiri: umacedwa kuuma, ndipo ciswe cimaudya cikaufikira. Ufuna kuumitsidwa mosafulumira ndi kupakidwa mankhwala.

Paini wa ku Chikangawa, ku Zomba ndi ku Dedza, amene mtundu wace waukulu unacokera ku Mexico, ndi wochipa ndi woongoka, koma alibe mphamvu iri yonse pa ciswe ndi pa kuola. Ayenera zitseko za m'kati. Pa khomo la kubwalo ayenera kukhala wolowetsedwa mankhwala ndi makina, amene amaoneka mobiriwira. Mankhwala opaka ndi burashi amangokhala pamwamba. Ndipo cenjerani: zidutswa za matabwa a mankhwala musazisonkhere pamoto wophikira, pakuti utsi ndi phulusa lace ziri ndi ululu.

Bulugamu ndi wolimba, koma ndiye woyenda koposa onse. Amang'aluka ndi kupotoka pouma, makamaka wodulidwa asanakhwime. Wokhwima ndi wouma bwino akhoza kucita mphuthu. Pa citseko, acekedwe matabwa ang'ono ang'ono m'lifupi, osapitirira mainchesi 4.

Kaumitsidwe ka Matabwa

Thabwa labwino losauma liposedwa ndi thabwa wamba louma. Ngati muceketsa nokha, citani motere:

1. Konzani malo a mthunzi, opita mphepo, ofoleredwa pamwamba. Dzuwa loomba pa thabwa lauwisi limaling'amba.

2. Ikani mitanda pa njerwa kuti matabwa atalikire pansi ndi phazi limodzi ndi theka.

3. Sanjani matabwa cogona, ndi kuika timitengo touma tofanana pakati pa mzere ndi mzere, totalikirana mapazi 2, kali konse pamwamba peni peni pa kanzace.

4. Pakani utoto ku nsonga zonse ziwiri, pakuti madzi amathamangira kutuluka kumeneko ndi kung'amba thabwa.

5. Tsindirani pamwamba ndi miyala kapena njerwa.

Thabwa la inchi imodzi lifuna miyezi ingapo. Lokhuthala lifuna yoposa. Njira yodziwira kuti lauma ndi iyi: sankhani thabwa limodzi, liyeseni pa sikelo ya mbeu masabata awiri ali onse, ndi kulemba kulemera kwace. Kukasiya kutsika, lauma monga mwa mpweya wa kwanuko. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Amene afuna citseko ca caka ca mawa aceketse matabwa caka cino.

Pulaiwudi, Citsulo ndi Zina

Citseko cosalala ca pulaiwudi cimakopa maso ndipo mtengo wace ndi wocepa, koma m'kati mwace muli mphako, ndipo cikopa cace ncomatidwa ndi guluu. Cinyezi cikalowa pansi, cikopaco cimamatuka ndi kupindika ngati tsamba la nthoci. Mbala imaciboola ndi phazi. Ndi ca cipinda cogona, osati ca kubwalo.

Citseko cacitsulo sicitupa, sicidyedwa ndi ciswe kapena makoswe, ndipo cimabvuta mbala. Mdani wace ndi dzimbiri, limene limayambira pansi ndi m'malo oocherera. Madzi a m'nyanja yathu alibe mcere, cotero dzimbiri silifulumira monga licita ku Beira kapena ku Quelimane. Komabe cinyezi cokha cikwanira kudya citsulo copyapyala m'zaka zowerengeka. Mukaocheretsa citseko, funani citsulo cokhuthala, makamaka cokutidwa ndi zinki monga malata. Cipalidwe dzimbiri lonse, cipakidwe utoto wofiira woyambira, ndipo pamwamba pace utoto wa mafuta kawiri. Uzani mmisiri aboole timabowo pansi pa mipope yace kuti madzi asagonemo. Dziwaninso kuti citsulo coyang'ana dzuwa la madzulo cimatenthetsa nyumba, ndipo kutentha sikukomera mbeu yosungidwa pafupi.

Aluminiyamu sacita dzimbiri lofiira ndipo satupa, koma mtengo wace ndi waukulu, ndipo amisiri ace sapezeka kumidzi akaonongeka. Felemu yacitsulo yokhala ndi citseko ca matabwa ndiyo njira ya pakati imene ndiibvomereza kumene ciswe cicuruka: ciswe cimasowa pokwerera, ndipo nyumba siitentha. Koma miyendo ya felemuyo ipakidwe utoto isanakwiriridwe m'simenti.

Tisanyoze zitseko za makolo athu, za bango, za nsungwi ndi za ciwale, zotsekedwa ndi mpiringidzo. Zimapitisa mphepo, zimauma msanga, ndipo sizifuna ndalama. Pa khichini ndi pa khola ziri bwino ndithu. Nsungwi ikhale yokhwima, ya zaka 3 kapena 4, yodulidwa mvula itatha. Ikabviikidwa m'madzi masabata angapo siifumbwa msanga. Koma pa nyumba yosungamo matumba a cimanga sizikwanira, pakuti khoswe ndi udzudzu zimapita momasuka.

Kapangidwe Kace

Mtengo wabwino ukhoza kuonongeka m'manja mwa mmisiri wosasamala. Pali mapangidwe awiri oyenera dziko la cinyezi.

Koyamba ndi citseko ca matabwa oimirira, ogwidwa kumbuyo ndi mitanda itatu yopingasa ndi iwiri yopendeka. Matabwawo alowane ndi lilime ndi mpata, ndipo asapanikizane kwambiri, kuti liri lonse lipeze poyenda. Mitanda yopendeka iyambire pansi ku mbali ya mahinjesi ndi kukwera kunka ku mbali ya loko. Ikaikidwa mozondoka siinyamula kanthu, ndipo citseko cimagwa mphuno ndi kukhula pansi. Colakwa ici ndaciona pa makomo ambiri.

Kaciwiri ndi citseko ca mapanelo, cimene ciri ndi mafupa okhuthala m'mbali ndi timatabwa topyapyala pakati. Ici ndico ciyenda pang'ono koposa. Koma timatabwa ta pakati tisamatidwe ndi guluu kapena kukhomedwa misomali. Tingokhala m'ngalande zace momasuka. Tikamangika, timang'aluka m'cirimwe kapena kukankha mfundo m'dzinja.

Poika Citseko

1. Cisiyeni m'nyumba momwe cidzakhale masabata awiri cisanapalidwe kotsiriza, koma osati pamene pulasitala ali wauwisi.

2. Ganizirani mwezi. Poika mu September kapena October, siyani mpata wokulirapo m'mbali, pakuti cidzatupa. Poika mu February, mpata wa kamtengo ka macesi ukwanira, pakuti cidzanyala.

3. Pakani mbali zonse zisanu ndi imodzi: kumaso, kumbuyo, m'mphepete muwiri, pamwamba ndi pansi. Amisiri ambiri amaiwala pamwamba ndi pansi cifukwa maso safikapo, koma ndipo pamene nsonga za matabwa zimamwera madzi. Mbali imodzi ikapakidwa ina nkusiyidwa, citseko cimapindika.

4. Pa khomo loombedwa dzuwa ndi mvula, utoto wa mafuta ukhalitsa koposa vanishi, amene amasuka msanga. Utoto woyera kapena wowala ucepetsa kutentha ndi kung'aluka.

5. Ikani mahinjesi atatu a mainchesi 4, a mkuwa kapena a citsulo cokutidwa, omangidwa ndi masikuluwu, osati misomali.

6. Ciundo cikhale ca simenti kapena ca mtengo wouma, cokwera mainchesi 6 pamwamba pa bwalo, ndi cotsetsereka kunka kunja. Mpata wa pansi usapitirire gawo limodzi la magawo anai a inchi.

7. Khomerani kacidutswa ka lata pansi pa citseko, kokwera phazi limodzi, mutayamba mwapaka utoto pa thabwalo. Makoswe sadzatha kukukuta.

Khonde Ndilo Mankhwala Oposa

Musanaumbe njerwa, funsani akulu a pamudzi mbali imene mvula ya mphepo imacokera, ndipo khomo lisayang'ane kumeneko ngati malo alola. Mangani khonde loturuka mapazi 4 kapena kuposa, ndipo kumbani kangalande kocotsa madzi a kudenga. Citseko ca malaina ca pansi pa khonde labwino cikhoza kukhalitsa kuposa ca mbawa cosiyidwa pa mvula.

Caka ndi caka, mvula isanayambe, yenderani khomo lanu. Gogodani mphuthu ndi cala. Ikamveka ngati ng'oma, ciswe calowa. Gumulani timisewu ta dothi, cotsani nkhuni ndi zitsa pafupi ndi khoma, thirani mafuta pa mahinjesi ndi m'loko, ndipo bwerezani utoto pamene wayamba kusuka. Mankhwala akale a ciswe monga dieldrin ndi aldrin analetsedwa ndi pangano la ku Stockholm la m'caka ca 2001, cifukwa amakhala m'nthaka zaka zambiri ndi kulowa m'matupi a anthu ndi a ziweto. Wina akakugulitsani m'botolo lopanda cizindikiro, kanani. Mafuta akuda ocokera m'galimoto, amene ambiri amapaka, amadetsa zobvala, amaletsa utoto kugwira, ndipo saletsa ciswe nthawi yaitali. Citseko cikagwira m'dzinja musathamangire kasemasema. Pakani coko m'mphepete mwa mphuthu, tsekani, onani pamene cokoyo yadinda, palani pomwepo pokha pang'ono, ndi kupakanso utoto tsiku lomwelo.

Tsono Tisankhe Citi?

Amene ali ndi ndalama zokwanira ndipo apeza mlombwa kapena msambamfumu wa cilolezo, wouma, wopanda mbali yoyera, agule, adzagula kamodzi. Amene ndalama zace nzocepa atenge malaina wouma bwino, wopakidwa mankhwala ndi utoto, m'felemu yacitsulo, pansi pa khonde. Amene akhala pafupi ndi msika kapena mseu waukulu, kumene mbala zicuruka, aganizire citsulo cokhuthala, ndipo asatope ndi utoto. Pulaiwudi ndi paini wopanda mankhwala zikhale za m'kati.

Ndipo amene ali ndi malo kumunda abzale dzinja lino mbande za malaina ndi za mbawa m'malire ndi m'mbali mwa mtsinje. Malaina adzampatsa iye mwini matabwa asanakalambe. Mbawa idzapatsa zidzukulu. Mlangizi wa zaulimi kapena wa zankhalango wa kwanu adzakuuzani kumene mbande zipezeka ndi nthawi yoziokera. Pitani mukamfunse, pakuti safunsa anadya phula.